Ndowa Zitatu za Amayi Aang'ono

Mpaka lero ndikaona zilembo ziwiri izi, NA, mtima umandipsa. Pa kompyuta zimangotanthauza kuti pamalo pano palibe chodziwika. Kwa ine zimatanthauza amayi aang'ono, amene anandilera mayi anga atamwalira, ataima pabwalo la sukulu ya pulayimale kwathu kufupi ndi Mbombwe, chingwe chili m'manja, akudikira mbuzi imene ndinawalonjeza ndine.

Ndinali m'chaka chachitatu ku yunivesite. Chilankhulo chimene tinkalamulira nacho kompyuta kuti iwerengetse zofufuza dzina lake ndi chilembo chimodzi chokha, R. Zaka ziwiri zoyambazo tinkangochikanda pamwamba, kupeza avereji, kujambula magirafu, basi. Chaka chachitatu aphunzitsi anati ukhanda watha, tsopano muzilemba nokha mafankishoni. Fankishoni ndi kagulu ka malamulo kamene umalemba kamodzi, kenako kamagwira ntchito yomweyo pa mizere yambirimbiri popanda kukufunsanso. Tinaphunzira fankishoni yobala inzake, yodziitana yokha, ndi ina yaulesi yosawerenga chinthu mpaka itachifuna. Anzanga ambiri ankalira nayo kosiyi. Ine ndinkaikonda, ndipo sindibisa, ndinkaikhoza.

Aphunzitsi athu anali bambo aukhondo wonyanya. Asanagwire laputopu ankayamba apukuta zala ndi kampango. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti pulogalamu yabwino imayenda mwakachetechete. Chilankhulochi chimadandaula m'njira ziwiri. Ukalakwitsa kwambiri chimaima n'kukana kupitirira. Koma chikangokayikira chabe, chimalemba chenjezo la zilembo zofiira n'kupitiriza ntchito, ngati kalipentala amene wakuuza kuti matabwawa ndi aawisi koma chitseko n'kukhomabe. Sabata yathunthu tinaphunzira za machenjezowa, mmene ungawagwirire, mmene ungalembere ako, ndi mmene ungawatsekere pakamwa ndi lamulo limodzi lalifupi. Pa pepala lofotokoza machongedwe a ntchito yathu yomaliza panali mzere wakuti pulogalamu yotulutsa zofiira idzachotsedwa malikisi. Mzere umenewo tonse tinauloweza kuposa china chilichonse cha sabata imeneyo.

Ntchito yomalizayo sinali yongopeka. Bungwe lina linkafuna kugawa mbuzi m'midzi ingapo ya ku Chiradzulu, ndipo linali litatuma kale atsikana ndi anyamata kuyenda khomo ndi khomo ndi mafunso. Mkulu wa bungwelo ankadziwana ndi aphunzitsi athu, choncho mayankho onse anatipatsa ife, mayina atachotsedwa, m'malo mwake muli manambala. Chofunika chinali fankishoni yosanja mabanja kuyambira amene anakolola chimanga chochepetsetsa mpaka okolola chambiri, kuti mbuzi ziyambire pamwamba. Aphunzitsi anati imene ikhale yabwino kuposa zonse ndi imene bungwe ligwiritse ntchito. Nditatsegula fayilo ndinaona dzina la mudzi wathu pakati pa midzi inayo, ndipo ndinalumbira kuti ntchito imeneyi sinditaya kwa ana a m'tauni amene sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu amakwerera pati.

Ndinakhala nayo masiku anayi mu labu ya makompyuta. Tsiku lachitatu masana ndinapeza kuti ndime ya zokolola ikukana kusanjika bwino, chifukwa kompyuta inkaiona ngati mawu osati manambala. Zimenezo zimachitika kawirikawiri, wina akangolemba kadontho posayenera. Ndinailamula kuti isandutse ndime yonse kukhala manambala. Inamvera, koma inatulutsa kamzere kofiira. Ndinakaona ndi diso limodzi, ndinaganiza za malikisi, n'kukakutira ndi lamulo lija lotseka pakamwa. Nditayendetsanso, pa sikirini panali mbee. Pamwamba pa mndandanda panali amene sanakolole kanthu, kenako a thumba limodzi, kenako awiri, kukwera bwinobwino. Kumunsi sindinatsikeko, chifukwa ndinkati kumeneko kuli anthu okhuta.

Yanga ndi imene anasankha. Aphunzitsi anaionetsa pakhoma kalasi yonse ikuona, n'kunena kuti taonani, palibe ndi chofiira chimodzi chomwe. Sabata imeneyo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, osakumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Madzulo ake ndinaimbira foni amayi aang'ono.

"Mayi, za mbuzi zija mwamva?"

"Tamva. Anabwera atsikana a mapepala aja. Koma zoterezi zimadziwa eni ake, mwanawe."

"Ulendo uno wosankha si munthu. Ndi makina, ndipo owauza chochita ndine. Makina alibe mlamu. Inu mangani khola."

Ndinkadziwa chimene ndikunena. Chaka chimenecho madzi anakokolola munda wawo wa kumtunda, ndipo chimanga chimene chinatsala tinatonola limodzi, chinakwana ndowa zitatu. Ndowa zitatu za kwathu zija sizidzaza thumba. Munthu wotere akanakhala pati ngati si pamwamba? Kuwafunafuna pa mndandanda sindinawafunefune, ndinkati kutero n'kukondera, ndipo ndinkadzitamanda mumtima kuti ndine wachilungamo.

Mbuzi zinabwera ndili kunyumba pa holide. Amayi aang'ono anali atamanga kale kakhola ka nsungwi kuseri kwa nyumba, ataluka ndi chingwe cha khonje. Pabwalo la sukulu panadzaza anthu kuyambira m'mawa. Lole inaima pansi pa mtengo, mbuzi zikulira, ndipo wapampando wa komiti ya m'mudzi, amene analinso dikoni kutchalitchi kwathu, anapatsidwa pepala kuti aziitana mayina. Anaitana. Bambo wina wa njinga ya kabaza, amene ndinkadziwa kuti anapeza thumba ndi theka, anatenga yake. Mayi wina wogulitsa tomato anatenga yake. Ine dzina lililonse likatchulidwa ndinkati lotsatira ndi lathu. Mbuzi zinatha m'lole, dikoni anapinda pepala, ndipo amayi aang'ono anakulunga chingwe chawo n'kuchipisa m'chitenje.

Sanali okha. Panali amayi ena angapo, amasiye ndi okalamba, amene aliyense m'mudzi ankadziwa kuti ndi amene njala inawagwira pakhosi, ndipo onsewo anabwerera chimanjamanja. Mkwiyo wonse unagwera dikoni uja. Ankanena mosabisa kuti wasintha mayina, waika anzake a kwaya. Iye ankangoonetsa pepala n'kumati lachokera ku ofesi mmene lililimu, koma panalibe womumvera.

Panjira amayi aang'ono anayenda patsogolo panga mpaka titawoloka kamtsinje. Kenako anati, "Mwina makina akowo anatopa asanafike pa ine." Sananene mokalipa, ndipo zimenezo n'zimene zinandibaya kwambiri.

Titafika ndinatenga laputopu n'kukhala pakhonde. Ndinachotsa lamulo lija lotseka pakamwa, ndinayendetsa pulogalamu, kamzere kofiira kanabweranso. Ulendo uno ndinakawerenga konse. Kankati posandutsa mawu kukhala manambala, ena alephereka ndipo alembedwa kuti NA. Ndinatsikira kumunsi kwa mndandanda kumene sindinafikeko kale. Ndinadutsa a matumba khumi, ndinadutsa mzere wa matumba ochuluka umene ndinauzindikira kuti ndi wa mwini chigayo wa kwathu, ndipo kunsi kwa iyeyo kunali mizere ya NA yokhayokha. Chilankhulochi chikamasanja zinthu, chimene sichikuchidziwa chimakachiponya kumapeto. Ndinatsegula fayilo yoyamba ija kuti ndione chimene chinalembedwa pa mizere imeneyo. Pena panali dengu limodzi. Pena ndowa imodzi ndi theka. Pena mbale zisanu ndi ziwiri. Ndipo pa mzere wina, wa mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu, wa zaka zimene ndinkazidziwa, panalembedwa kuti ndowa zitatu.

Funso la pa fomu linkati mwakolola matumba angati. Amene analemba funsolo ayenera kuti sanaganizepo kuti pali munthu amene chimanga chake sichifika thumba. Wa matumba anayankha nambala. Amene sanapeze kalikonse anati palibe, analembedwa ziro. Koma amene anapeza kochepa, kosakwana thumba, anayankha ndi muyeso umene anali nawo m'nyumba, ndipo atsikana a mapepala aja, pochita zoona, analemba momwemo. Ndiye kuti fankishoni yanga inatola ndendende anthu amene mbuzizo zinkafuna, n'kukawaika pansi pa mwini chigayo. Kompyuta inandiuza tsiku lomwelo, ine n'kuitseka pakamwa chifukwa cha malikisi asanu.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza mpaka pa Boma, kumene bungwelo linali ndi kaofesi m'nyumba yalendi. Ndinapeza mnyamata wamkulu ndithu wa malaya osita bwino, amene ankayang'anira ntchito ya mbuziyo. Ndinamuyalira zonse pa tebulo lake, mzere ndi mzere. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kukanda m'mutu.

"Aaa, izi ndiye zavuta, achemwali. Koma mndandanda unatsekedwa. Lipoti linapita kale kwa otithandiza."

"Lipotilo ndi labodza, achimwene. Osauka enieni mwawasiya."

"Ife tinatsatira zimene inatipatsa yunivesite. Ngati pali vuto, ndi la kumeneko."

"Funso lopanda ndowa analemba ndi a yunivesite?"

Anandifunsa ngati ndikufuna kuti akalande mbuzi kwa anthu amene azimangirira kale pakhomo. Sindinkafuna zimenezo, ndipo iye ankadziwa. Anati gawo lachiwiri likadzakhalapo adzawaganizira, koma kuti lidzakhalapo liti sakudziwa. Pondiperekeza pakhomo anatsitsa mawu n'kundipempha kuti nkhaniyi ndisakaitulutse kumudzi, chifukwa ingadzetse chisokonezo. Ndinamuuza kuti chisokonezo chilipo kale, chikudya munthu wosalakwa. Anati zimenezo zitha zokha, anthu amaiwala. Ndinatuluka osatsanzika.

Koma chimene chimandinyansa ndikakumbuka n'chakuti ndinamumvera. Masiku otsala a holide ndinakhala chete. Ndinkatunga madzi, ndinkapita kumunda, ndinkamva amayi pachitsime akumudya miseche dikoni, ine osatsegula pakamwa. Lamulungu lina anthu anasiya benchi imene anakhalapo iye ndi mkazi wake ili yokha. Ndinaona zimenezo, ndinayang'ana m'buku la nyimbo. Ndinkadziuza kuti ndiyambe ndaonana ndi aphunzitsi, mwina iwo ali ndi mphamvu yotsegulitsa mndandanda. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa nkhope ya amayi aang'ono.

Sukulu itatsegulidwa ndinapita ku ofesi yawo tsiku loyamba lomwelo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anayendetsa okha pulogalamuyo, anaona kamzere kofiira, n'kugwedeza mutu.

"Ndinakuphunzitsani kutseka chenjezo," anatero. "Sindinakuuzeni kuti musaliwerenge."

Zinali zoona, ndipo palibe chopsetsa mtima ngati zoona zochokera kwa munthu amene akusamba nazo m'manja. Ndinawakumbutsa kuti iwo omwe anaiona pulogalamuyo, lamulo lotsekalo lili poyera, n'kuiyamikira pamaso pa kalasi. Anati anali ndi ntchito za ophunzira ambiri zoti achonge. Ndinawapempha kuti aimbire mnzawo wa ku bungwe uja. Anati ayesa, koma zogawagawa sizili m'manja mwa yunivesite. Kenako nkhope yawo inawala. Anati nkhani imeneyi ndi chitsanzo chabwino kwambiri, ndiilembe bwino, adzaigwiritsa ntchito pophunzitsa a chaka chamawa. Anandiuzanso kuti ndisadandaule, malikisi anga sawakhudza.

Ndinatsala pang'ono kuwatukwana. Amayi ondilera asanduka chitsanzo cha m'kalasi, ndipo bamboyu akuganiza kuti chandibweretsa ndi malikisi. Ndinawauza kuti malikisiwo awachotse. Anaseka, ankayesa ndikucheza. Pa satifiketi yanga kosi imeneyo ndi imene ndinakhoza kuposa zonse, ndipo ndikafuna ntchito anthu amaloza pomwepo.

Fankishoniyo ndinailembanso, popanda wondituma. Yatsopanoyo inkadziwa ndowa, dengu, mbale ndi ngolo, inkazisandutsa kukhala muyeso umodzi, ndipo ikakumana ndi mawu osawadziwa inkaima n'kukana kupitirira mpaka munthu atayang'ana. Inanditengera masana awiri okha. Ndinatumiza mndandanda wokonzedwawo kwa aphunzitsi ndi ku bungwe kuja. Dzina la amayi aang'ono, kapena kuti nambala yawo, inali pafupi ndi pamwamba penipeni. Ku bungwe anayankha kuti alandira ndipo athokoza. Gawo lachiwiri silinabwere.

Ndinapita kumudzi pakati pa temu, nthawi yogalauza mizere. Amayi aang'ono ndinawapeza kumunda wa kumtunda uja, dzuwa likuswa mtengo. Ndinatenga khasu lina n'kuyamba mzere woyandikana nawo, chifukwa kulankhula munthu utawerama n'kosavutirapo. Ndinawauza zonse mmene ndikanathera, kuti makina ankafuna nambala ya matumba, kuti mawu akuti ndowa sanawamve, kuti anandichenjeza ine osamvera, ndi kuti dikoni sanasinthe dzina la munthu aliyense. Ndinapepesa, ngakhale ndinkadziwa kuti pepani sapoletsa chilonda.

Anaimika khasu n'kulitsamira.

"Ndiye ndikananena kuti thumba limodzi?"

"Mukanalandira."

"Nanga ndikanati sindinapeze kanthu?"

"Mukanakhala m'gulu loyamba."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Iwe, mtsikana uja atandifunsa, ine ndinalowa m'nyumba kukatenga ndowa. Ndinayeza iye akuona. Ndinati zolembedwa papepala munthu usamaname, Mulungu amaona." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye iweyo unadziwa liti?"

"Tsiku lomwe lija la mbuzi."

"N'kukhala nane m'nyumba masabata atatu, bambo aja anthu akuwalavulira?"

Ndinati inde. Sanandikalipire. Anandiuza kuti ndisiye khasu, ndikasambe, tipite limodzi kwa dikoni, ndipo olankhula ndikhale ine. Tinapita. Bamboyo anamvetsera atagwira chibwano, n'kundipempha kuti ndikabwereze zomwezo kutchalitchi Lamulungu mapemphero akatha. Ndinakabwereza, nditaima kutsogolo. Ena anamvetsa. Ena anati mwana wa sukuluyu amugula kuti ayeretse dikoni. Koma chimene aliyense anatola pa zonse zimene ndinanena chinali chimodzi, chakuti wonena ndowa salandira kanthu.

Chaka chotsatira, ndili m'chaka chomaliza, kunabwera bungwe lina m'mudzimo ndi mafunso ake, lofuna kugawa mbewu. Mnzanga wina wa m'kalasi anapezako ganyu yolowetsa mayankho mu kompyuta, ndipo podziwa kuti ndili ndi fankishoni ya ndowa ija anandipempha kuti ndimubwereke. Ndinamupatsa mokondwa, ndinati mwina pano igwira ntchito yake. Patapita masiku anandiuza kuti m'midzi ina yamuthandiza kwambiri, koma m'mudzi mwathu sinapeze chosandutsa. Munalibe ndowa, munalibe dengu. Mabanja onse anali a thumba limodzi kapena ziro, ngakhale amene ndinkadziwa kuti ali ndi nkhokwe.

Tsiku lomwelo ndinaimbira amayi aang'ono. Chaka chimenecho mvula inawakomera, anali atapeza matumba anayi, ndipo ndinawaona ndi maso anga ataunjikidwa kuchipinda. Ndinawafunsa za atsikana a mapepala.

"Anabwera," anatero. "Ndawauza kuti sindinapeze kanthu. Matumba ndinaphimba ndi mphasa. Anzanganso ndinawauza kuti asalimbane ndi ndowa." Kenako anafunsa, "Ndachita bwino eti, mwanawe? Iwe ndi amene umawadziwa makinawo."

Awa ndi mayi amene anandikwapulapo ndili wamng'ono chifukwa chonama kuti ndasesa pabwalo. Ndinawayankha kuti achita bwino.